Mudzi wa ku England ukamauona kuchokera m'mwamba: chakale n'chiti, chatsopano n'chiti?

Tiyamike:

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi chithunzi cha mudzi wina wa m'chigawo cha Leicestershire ku England, chojambulidwa kuchokera m'ndege dzuwa litapendeka. Ndikufuna kulemba ndemanga yofotokoza zimene zikuoneka, koma ndikuopa kunamiza anthu.

Zimene ndikuona ndi izi. Pali msewu umodzi wautali, nyumba zandandalika mbali zonse ziwiri, ndipo kuseri kwa nyumba iliyonse kuli kamunda kakatali kopapatiza kokathera pa kanjira kena. Tchalitchi sichili pakati, chili chakumapeto, ndipo pakati pa tchalitchicho ndi nyumba zoyamba pali busa la mabampumabampu. M'mabusa ozungulira muli mizere ikuluikulu yopindika pang'ono kumapeto, koma mbewu mulibe, ndi msipu wa nkhosa wokhawokha. Pafupi ndi tchalitchi pali ngalande ya madzi yozungulira kamalo ka makona anayi kopanda nyumba. Mafamu alipo amitundu iwiri: ena ali mumsewu momwemo, ena ali paokha kutali pakati pa minda.

Nyumba yakale kwenikweni ndingaidziwe bwanji pongoona denga? Mizere ija ndi ya liti? Mafamu a kutali aja ndiwo akale kuposa a m'mudzi? Nanga munthu atafuna kujambulanso, nthawi yabwino ndi iti? Amene mukudziwa ndithandizeni ndi mfundo zogwirika.

Kafukufuku:

A Tiyamike, chithunzi chanucho n'cholemera, koma musayambire pa denga. Yambirani pansi. Nyumba imagwa, ina n'kumangidwa pamalo pomwepo, koma malire a puloti sasuntha wamba, chifukwa kuti asunthe mpaka anthu awiri oyandikana agwirizane. N'chifukwa chake mzere wa mpanda ukhoza kukhala wa zaka 800 pamene nyumba ya m'katimo ndi ya m'ma 1960.

Timinda tatitali tija ndito msana wa mudziwo. Gawo la kutsogolo, pomwe pali nyumba ndi makola, eni ake amati toft. La kumbuyo, lolimamo ndiwo ndi kusungiramo ziweto, amati croft. Kanjira kodutsa kumapeto kwake ndi back lane, kotulukira ngolo ndi ng'ombe popita kuminda. Tengani rula muyeze m'lifupi mwa mapuloti khumi otsatizana. Mukapeza kuti ambiri ndi ofanana, ena ndi theka la anzawo, ena owirikiza kawiri, ndiye kuti mudziwo unachita kuyalidwa nthawi imodzi, kenako mapuloti ena anagawidwa, ena anaphatikizidwa. Midzi yambiri yotere inayalidwa pakati pa zaka za m'ma 900 ndi 1200. Kuti muone chitsanzo chosasokonezeka, yang'anani Appleton-le-Moors ku North Yorkshire: msewu umodzi, mapuloti mbali zonse, ndi tinjira ta kumbuyo tiwiri.

Tsopano mizere. Iyo amaitcha ridge and furrow, ndipo sinaunjikidwe ndi khasu lamanja. Pulawo ya nthawi imeneyo inkatembenuzira dothi kudzanja lamanja kokha. Mlimi ankayambira pakati pa gawo lake n'kumazungulira, kupita ndi kubwera, dothi lonse n'kumagwera chapakati. Zikachitika choncho chaka ndi chaka kwa mibadwo, pakati pamakwera, m'mphepete mumatsala ngalande yochotsa madzi. M'dothi la makande la m'zigawo za pakati pa England, zimenezi zinkateteza mbewu kuti isavunde m'madzi. Kuchokera pa ngalande ina kufika pa inzake nthawi zambiri pamakhala mamita 5 mpaka 10, ndipo osungika bwino amakwera theka la mita kapena kuposa.

Kupindika kwa kumapeto kuja ndiko umboni wanu waukulu. Pulawo inkakokedwa ndi ng'ombe zofika zisanu ndi zitatu, ziwiriziwiri pa goli. Mdipiti wautali chonchi sungakhote pamalo amodzi, choncho woyendetsa ankayamba kukhotetsera ng'ombe kumanzere asanafike kumapeto. Mzere umatuluka ngati chilembo cha S chotembenuzidwa. Mukaona S yotereyo, mukuona kalimidwe ka ng'ombe ka m'zaka zapakati, ndiye kuti zaka mazana angapo 1500 isanafike. Mukaona mizere yowongoka tolotolo, yopapatiza osafika mamita 5, yogwirizana ndendende ndi mipanda ya lero, imeneyo ndi ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 kapena m'ma 1800, ina yolimidwa ndi injini za nthunzi. Pomwe mizere yambiri ikuthera mudzaona mtumbira wautali wopingasa. Pamenepo ndi pomwe pulawo inkakhotera n'kumasiya dothi lomatirira.

Utali wa gawo unali furlong imodzi, mayadi 220, pafupifupi mamita 201, ngakhale kuti pansi penipeni zimasiyana malinga ndi malo. Ekala ndi mayadi 22 kuchulukitsa ndi 220. Mudzi unkakhala ndi minda ikuluikulu iwiri kapena itatu yopanda mipanda, magawo a mlimi mmodzi atamwazikana monsemo, munda umodzi n'kumagonekedwa chaka chilichonse. Ku Laxton m'chigawo cha Nottinghamshire kalimidwe kameneka kadakalipo, ndipo pali mapu a mudziwo a 1635 oti n'kufananiza ndi chithunzi cha lero.

Onetsetsani mmene mipanda ya mitengo ikukhudzira mizere. Ngati mpanda wowongoka wadula mizere pakati osaisamala, mpandawo ndi wamng'ono kwa mizereyo. Yambiri ndi ya nthawi imene Nyumba ya Malamulo inkalola kuti minda ya onse igawidwe n'kutchingidwa, makamaka pakati pa 1750 ndi 1850, ndipo ku Leicestershire kwambiri pakati pa 1760 ndi 1800. Ankabzala minga ya hawthorn. Minda itasanduka msipu pulawo sinabwererenso, n'chifukwa chake mizere yakhalapo mpaka lero.

Apa ndi pamene pali yankho la funso lanu la mafamu, ndipo ambiri amalakwa pomwepa. Famu ya payokha pakati pa minda ya makona anayi kawirikawiri ndiyo yatsopano. Kale mlimi ankakhala m'mudzi chifukwa magawo ake anali mbali zonse. Atampatsa malo ake pamodzi, m'pamene anakamanga kumeneko. Nthawi zina dzina lokha limaulula: famu yotchedwa Quebec ikukumbutsa nkhondo ya 1759, ya Waterloo ya 1815. Koma lamulo limeneli ndi la m'zigawo za pakati. Ku Devon, Kent, Essex ndi Suffolk mafamu omwazikana ndi akale kwambiri, ena analembedwa kale m'kaundula wa Domesday mu 1086.

Busa la mabampu lija ndi bwinja. Fufuzani chigwa chachitali chopapatiza chochokera ku tchalitchi. Umenewo unali msewu umene unakumbika ndi mapazi, ziboda ndi mvula. M'mbali mwake mudzaona timabwalo tokwera ta makona anayi pomwe panali nyumba. Mudzi wanuwo unafota kapena unasendera kwina, tchalitchi n'kutsala. Zifukwa zake zimakhala zitatu kawirikawiri: mliri wa 1348 ndi 1349 ndi ina yotsatira, eni malo amene m'zaka za m'ma 1400 anaona kuti ubweya wa nkhosa uli ndi phindu kuposa alimi obwereka malo, ndi olemera ofuna paki patsogolo pa nyumba yawo. Ku Wharram Percy, bwinja la mudzi ku Yorkshire, mabanja omaliza anachotsedwa cha m'ma 1500, ndipo akatswiri Maurice Beresford ndi John Hurst anakumbapo kuyambira 1950 mpaka 1990. Ku Milton Abbas m'chigawo cha Dorset, Joseph Damer anasamutsa tawuni yonse m'zaka za m'ma 1770 ndi 1780.

Ngalande ya makona anayi ndi moat. Ku England zikudziwika pafupifupi 6,000, zambiri zokumbidwa pakati pa 1250 ndi 1350. Pachilumbapo panali nyumba ya mwini mudzi kapena ya mlimi wopeza bwino. Ntchito yake yaikulu inali kuonetsa ulemerero, osati nkhondo. Yang'anani pomwe ngalande yaduka, polowera, ndipo chapafupi mupeza maiwe owuma a makona anayi otsatizana, owetera nsomba.

NaMbewe:

Bambo Kafukufuku anena zoona kuti pansi sipanama msanga, koma denga tisalinyoze. Likhoza kukuuzani zambiri mukadziwa choyang'ana, ndipo choyang'ana si mtundu wa zofolera ayi. Ndi kukula kwake, kutsetsereka kwake, ndi pomwe pali chumuni.

Yambani ndi m'lifupi. Nyumba ya mlimi isanafike 1700 inkakhala ya chipinda chimodzi kuchoka kukhomo kufika kuseri, mamita 4.5 mpaka 6, chifukwa mtanda wa mtengo wa oak wodutsa pamenepo unkathera pomwepo. Kuchokera m'mwamba imaoneka yaitali yopyapyala, zipinda zitatu motsatizana. Nyumba ya zipinda ziwiri kutsogolo ndi ziwiri kumbuyo inafala m'zaka za m'ma 1700. Iyo imaoneka ngati bokosi, ndipo nthawi zambiri ili ndi misana iwiri ya denga yoyendera limodzi, ndi ngalande pakati. Ngalande imeneyo ndi imene imawolesa nyumba zoterezi: masamba akatseka, madzi amalowa m'mapaso mwini wake osaona kanthu ali pansi. Denga looneka ngati H ndi lofunika kulilemba, chifukwa likhoza kukhala holo ya m'zaka zapakati yokhala ndi mapiko awiri.

Kutsetsereka mungakuyeze pa chithunzi chojambulidwa chammbali, ngati khoma la kumapeto likuoneka molunjika. Nyumba ya mamita 6 m'lifupi, nsonga ya denga ikakwera mamita 3 kuchokera pomwe khoma lathera, ndiye madigiri 45. Ikakwera 3.6 ndi madigiri 50. Ikakwera 1.7 chabe ndi madigiri 30. Denga la udzu limafuna 45 kapena kuposa kuti mvula itsike isanalowe. Sileti (mwala wopyapyala wofolera) ya ku Wales, imene inafalikira ndi ngalande za maboti ndi njanji m'zaka za m'ma 1800, imakhala bwinobwino pa 30. Ndiye mukaona sileti yosalala yotuwa pa denga lotsetsereka kwambiri, kayikirani: kale panali udzu. Umboni wina ndi khoma la kumapeto lotumphuka kwambiri pamwamba pa sileti, chifukwa linamangidwira udzu wochindikala masentimita 30 kapena kuposa.

Chumuni ndicho kalendala yabwino. Nyumba zambiri za m'zaka zapakati zinalibe chumuni. Moto unkasonkhedwa pakati pa holo, utsi n'kumatulukira m'denga. Machumuni analowetsedwa m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600, n'chifukwa chake chumuni chachikulu chonenepa chotulukira pamsana pa denga, chosakhala pakati penipeni, chimaloza nthawi imeneyo kapena nyumba yakale kuposa apo. Machumuni awiri ofanana, china kumapeto uku china uko, ndi a m'ma 1700. Timachumuni tambiri towonda ndi ta m'ma 1800, ta nthawi ya malasha.

Pa zofolera, Leicestershire ili ndi yake: sileti ya Swithland yochokera ku Charnwood, yokhuthala, yokhakhala, yoyalidwa zikuluzikulu pansi, zing'onozing'ono pamwamba. Migodi yake inatsekedwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 itagonja kwa sileti ya ku Wales yotsika mtengo. Chakummawa, kufupi ndi Rutland ndi Northamptonshire, mupeza miyala yofolera ya Collyweston. Matailosi ofiira opindika ndi a ku Norfolk, Lincolnshire ndi kugombe la kummawa.

Udzu ndiwo umanyenga kwambiri, mbali zonse ziwiri. Wapamwamba ndi watsopano nthawi zonse: mapesi a tirigu amatha zaka 15 mpaka 35 malinga ndi kafoleredwe, bango limatha kupitirira apo, ndipo pamsana pamafuna kukonza zaka 10 mpaka 15 zilizonse. Koma ofolera mapesi sachotsa zonse, amangosanjika pamwamba, moti ku Devon nyumba zina zikadali ndi mapesi a pansi odetsedwa ndi utsi wa m'zaka za m'ma 1400. Kwinaku, eni malo olemera a m'ma 1800 ankamangira antchito awo tinyumba tooneka ngati takale dala. Mukaona tinyumba tiwiritiwiri tofanana, totalikirana mofanana, timeneto ndi ta bwana mmodzi, tomangidwa nthawi imodzi.

Chinanso: eni nyumba ambiri a m'ma 1700 ankavala nyumba yakale ya mitengo ndi khoma la njerwa kutsogolo kuti ioneke yamakono. Woyenda mumsewu amapusitsika, koma wa m'mwamba amaona denga lopyapyala lotsetsereka litabisala kuseri kwa khoma lokwera. Apa chithunzi chanu chimaposa maso a munthu ali pansi.

Mukamaliza kuyerekeza, tsimikizani pa National Heritage List for England, kaundula wa pa intaneti wa Historic England, bungwe la boma losamalira zinthu zakale. Pafupifupi nyumba zonse za 1700 isanafike zimene sizinasinthidwe kwambiri zilimo, komanso zambiri za pakati pa 1700 ndi 1850. Zoposa 90 pa 100 zili mu Grade II, gulu la pansi mwa magulu atatu a kaundulayu. Werengani mosamala, chifukwa malongosoledwe ena akale analembedwa ndi munthu amene anangoona kunja osalowa m'kati.

Tiyamike:

Zikomo kwambiri bambo ndi mayi. Ndayeza, ndipo mipanda yaduladi mizere. Ndatsala ndi famu ya kutali ija. Nyumba zake zazungulira bwalo mbali zitatu, mbali yotseguka ikuyang'ana kummwera. Chinyumba chachitali chili ndi kakhonde kotulukira pakati, ndipo kuseri kwake kuli kanyumba kozungulira komata. Padenga pali mawindo angapo. Zimenezi ndi chiyani?

Mlimi_Wakale:

Achemwali, famu ya ku England isanabwere thirakitala inali ngati makina amodzi: mitolo ya tirigu imalowa mbali ina, mapesi amapita kwa ng'ombe, manyowa amatuluka mbali ina kubwerera kumunda. Mukagwira ulendo umenewu, nyumba iliyonse mudzaidziwa ntchito yake.

Chinyumba chachitali ndi balani yopunthira. Ili ndi zitseko zikuluzikulu ziwiri zoyang'anizana pakati pa makoma aatali, zoti ngolo yodzaza ilowe, ndiponso kuti mphepo idutse popeta. Kakhonde mukukaonako ndi ka pa chitseko chimodzi, kotchinga mvula pa malo opunthira. Balani imawerengedwa ndi zigawo za pakati pa mizati, chilichonse pafupifupi mamita 5. Ya zigawo zitatu kapena zisanu ndi ya mlimi wamba. Zikuluzikulu zenizeni zinali za nyumba za amonke ndi makoleji: ya ku Great Coxwell ya cha m'ma 1292 ndi yotalika kuposa mamita 40, ya ku Harmondsworth ya 1426 ikuyandikira mamita 60.

Bwalo lotseguka kummwera linachita kukonzedwa. Ku England dzuwa la masana limakhala kummwera chaka chonse, choncho balani, imene ndi yaitali kuposa zonse, ankaiika kumpoto kuti itchinge mphepo yozizira, ng'ombe n'kumaothera dzuwa m'bwalo zikupondaponda mapesi ndi ndowe. Makola a mbali ziwirizo amakhala ofupika, otseguka chakubwalo. Maonekedwe a U kapena L ngati amenewa ndi a pakati pa 1750 ndi 1880. A chilembo cha E, okhala ndi mabwalo awiri kapena atatu, ambiri ndi a pakati pa 1840 ndi 1870, pamene eni malo ankathira ndalama zambiri pa ulimi. Kuyambira m'ma 1850 ena anayamba kufolera bwalo lonse ataona kuti mvula ikusukulutsa manyowa.

Kanyumba kozungulira komata ku balani n'kofunika kukayang'anitsitsa. Ngati n'kotambalala mamita 7 mpaka 9, kofupika, ndi nyumba ya injini ya mahatchi: mahatchi ankayenda mozungulira kutembenuza mtengo woyendetsa makina opunthira a m'balani. Makinawo anapangidwa ndi Andrew Meikle mu 1786, choncho kanyumbako sikangakhale kakale kuposa apo. Tinyumba timeneti n'tochuluka ku Northumberland, Durham ndi Yorkshire, kotero ku Leicestershire n'chinthu chosowa chofunika kuchitsimikiza pa mapu. Kakakhala kowonda, kokwera, koima pakokha, ndi khola la nkhunda. Ku Kent ndi Sussex nyumba yozungulira ya denga losongoka ndi chisoti choyera ndi yowumitsira hops wa mowa.

Zina zing'onozing'ono zimadziwika ndi pomwe zili. Shedi ya ngolo imayang'ana kumsewu, kunja kwa bwalo, kawirikawiri kumbali yopanda dzuwa kuti matabwa a mawilo asang'ambike. Nkhokwe imakhala pamwamba pa shediyo, kapena payokha pa timiyala tooneka ngati bowa toletsa makoswe kukwera. Makola a nkhumba ali pafupi ndi khitchini chifukwa zinkamwa madzi otsala popanga tchizi. Ku Leicestershire, kwawo kwa tchizi cha Stilton, mudzaona kuti mafamu ambiri a pambuyo pa kutchinga minda ali ndi balani yaing'ono ndi makola ambiri, popeza malo anasanduka msipu.

Mawindo a padenga aja ndi chizindikiro chakuti balaniyo sikugwiranso ntchito ya ulimi, muli anthu. Onani ngati bwalo lagawidwa ndi timipanda, muli kapinga ndi magalimoto. Kusandutsa mabalani kukhala nyumba kunakula m'zaka za m'ma 1980, ndipo lamulo la 2014 lolola zimenezi, limene pambuyo pake linatchedwa Class Q, linakuphweketsa. Ulimi weniweni mudzaupeza chapatali pang'ono, m'mashedi aakulu otuwa a pambuyo pa 1950.

Chikumbutso:

Ine ndiyankhe za kujambula ndi kotsimikizira, chifukwa chithunzi chimodzi sichikwanira kupereka chaka cha chinthu chilichonse.

Musanawulutse kanthu, onani zimene zilipo kale kwaulere. Historic England ili ndi Aerial Photo Explorer, yokhala ndi zithunzi zoposa 400,000, kuphatikizapo za asilikali a ndege a RAF za m'ma 1940. Zimenezo ndi zamtengo wapatali chifukwa zinajambulidwa mathirakitala aakulu asanasalaze mizere yambiri ndi kuzula mipanda. Britain from Above ili ndi zithunzi za kampani ya Aerofilms za 1919 mpaka 1953. Pogwira chithunzi chakale, chitembenuzeni kuti mithunzi igwere kwa inu. Mukapanda kutero maso amasandutsa mitumbira kukhala maenje.

Kenako mapu. National Library of Scotland inaika pa intaneti mapu akale a Ordnance Survey, bungwe la boma lojambula mapu, a England yemwe, oti n'kuwayika pambali pa chithunzi cha lero. Tengani a mainchesi 25 pa mailosi imodzi, sikelo ya 1:2,500. A Leicestershire oyamba ndi a m'ma 1880. Pa opakidwa utoto, nyumba za njerwa kapena miyala ndi zofiira, za matabwa kapena malata ndi zotuwa. Kanyumba kozungulira kaja mudzakaona pamenepo ngati kanalipo. Anthu ambiri amakulangizani mapu a chakhumi cha tchalitchi otsatira lamulo la 1836, osungidwa ku The National Archives ku Kew. Ndi abwino, koma midzi yambiri ya Leicestershire ilibe, chifukwa nkhani ya chakhumi inathetsedwa kale pa nthawi yotchinga minda. Pamenepo funani chikalata chogawira minda ku ofesi yosunga zolemba ya chigawocho. Pa mafamu, kalembera wa National Farm Survey wa 1941 mpaka 1943 amatchula maekala, ziweto ndi mmene nyumba zinalili.

Kwa mabampu a m'busa palibe choposa LiDAR. Ndege imawombera kuwala kwa laser pansi n'kuyeza kutalika kwa malo, ndipo Environment Agency imapereka zotsatira zake kwaulere, mita imodzi pa kadontho. Pali mitundu iwiri. DSM imasunga mitengo ndi madenga, ndiye njabwino powerenga misana ya madenga. DTM imachotsa zonsezo n'kusiya nthaka, ndiye njabwino pa bwinja. Ikani mu QGIS, pulogalamu ya mapu ya pa kompyuta, mupange mthunzi wochita kupanga. Pulogalamuyi imayambira ndi kuwala kochokera pa madigiri 315, kokwera 45. Tsitsani kukwerako kufika 20, ndipo pangani zithunzi ziwiri kapena kuposa, kuwala kukuchokera mbali zopingasana, chifukwa mzere woyenda molunjika ndi kuwala umazimiririka. Dziwaninso kuti m'nkhalango yothithikana ya paini laser safika pansi mokwanira, ndipo kompyuta imangodzaza mipata ndi zongoyerekeza.

Nthawi yojambula imadalira chimene mukufuna. Mitumbira imafuna Novembala mpaka Febuluwale, udzu uli waufupi, mitengo itayoyola. Mu Disembala, dzuwa la masana ku Leicestershire limakwera madigiri 14 okha, moti chinthu cha mita imodzi chimaponya mthunzi wa mamita anayi. Chisanu chopyapyala kapena madzi otsalira m'ngalande mvula itagwa zimajambula mizere bwino kwambiri. Zokwiririka zosaoneka pamwamba zimafuna Juni ndi Julayi m'munda wa balere kapena tirigu: pamwamba pa ngalande yakale mbewu imatalika n'kukhalitsa yobiriwira, pamwamba pa maziko a miyala imafupika n'kuuma msanga. Zimatuluka bwino pa dothi la nsangalabwi ndi la choko. Pa makande zimadikira chilala chonga cha 1976 kapena 2018, ndipo zimangokhala masiku ochepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati ndi droni, malamulo ndi a Civil Aviation Authority: kulembetsa, kusapitirira mamita 120 kuchokera pansi, ndi kuiona ndi maso nthawi zonse. Yosafika magalamu 250 imaloledwa kuyandikira nyumba kuposa yolemera. Pemphani mwini malo musananyamukire pamalo pake. National Trust ndi English Heritage, mabungwe osamalira malo akale, salola pamalo awo popanda chilolezo. M'mwezi wa Malichi ndi Epulo nkhosa zimakhala zikubereka, musaziwulukire pafupi, ndipo musaloze kamera m'mabwalo a anthu. Pa madenga jambulani chammbali, kamera itaweramira madigiri 30 mpaka 45, kuchokera mbali zinayi. Pofuna kulumikiza zithunzi kukhala mapu, chilichonse chibwereze 75 pa 100 ya chinzake kutsogolo ndi 65 m'mbali, ndipo malizani msanga mithunzi isanasunthe. Malo ngati moat ndi bwinja nthawi zambiri amakhala otetezedwa ndi lamulo la 1979, kotero kukumba kapena kuyendetsa makina ofufuzira zitsulo popanda chilolezo ndi mlandu.

Kafukufuku:

A Chikumbutso, ndiwonjezere za zinthu zimene zimapusitsa anthu akayamba kuzolowera kuona. Mizere ya m'mbali mwa mtsinje ku Wiltshire, Dorset ndi Hampshire siya pulawo: ndi madambo othirira a kuyambira m'ma 1600, ndipo pamsana pa mzere uliwonse pali kangalande kobweretsa madzi. Mizere yooneka ngati minga ya nsomba m'munda wolimidwa ndi mapaipi a dothi ochotsa madzi, ambiri a pambuyo pa 1840. Timabwalo tozungulira titatu kapena tinayi pamodzi tikhoza kukhala malo a magetsi ounikira ndege a nkhondo ya 1939 mpaka 1945, osati manda akale. Kachulu kokhala ndi dzenje looneka ngati mtanda pamwamba, pamalo okwera kunja kwa mudzi, ndi pomwe panali chigayo cha mphepo.

A Tiyamike, pa ndemanga yanuyo lembani zinthu motsatizana monga mmene zikudulirana. Mizere ikathera pa malire a croft osalowa, ndiye zinalipo limodzi. Mizere ikadutsa pamwamba pa timabwalo ta nyumba, ndiye nyumbazo zinasiyidwa kale malo n'kulimidwa. Timabwalo tikakhala pamwamba pa mizere, ndiye mudzi unakula n'kulowerera m'munda. Tumizani gawo la chithunzi la pakati pa tchalitchi ndi nyumba zoyamba, pamodzi ndi DTM yake, tione kuti mwa zitatuzi ndi chiti.